Kumene Mipukutu Inagona Zaka 2,000

Basi nambala 486 imanyamukira pa siteshoni yaikulu ya ku Jerusalem, ndipo salipira ndalama pamanja: umagunditsa khadi lotchedwa Rav-Kav pa kamakina kali pafupi ndi dalaivala. Ndinakwera ya m'mamawa chifukwa aliyense amene anamva kuti ndikupita ku Qumran, kumene kunapezeka mipukutu yakale, ankandichenjeza za dzuwa. Titangotuluka mumzinda msewu unayamba kutsetsereka, ndipo sunalekeze. Nyumba zamiyala yoyera zinatha, mitengo inatha, kunatsala zitunda zotuwa zolembekalembeka ndi tinjira ta mbuzi, apa ndi apo misasa yamalata ya Abeduwini. Makutu anga anatseka kawiri. Chapakati pa ulendo pali chikwangwani chonena kuti pamenepo mwalingana ndi madzi a nyanja zikuluzikulu, ngamila itagwada pambali kudikira ofuna kujambulitsa. Nyanja Yakufa, ija Baibulo limaitcha Nyanja ya Mchere, ili mamita oposa 400 kunsi kwa chikwangwanicho.

Ola lisanakwane ndinatsika pa mphambano ya msewu nambala 90. Mpweya unandimenya kumaso ngati ndasuzumira mu uvuni wa njerwa, ndipo munali kafungo ka sulufule kochokera kunyanja. Kumunsi kunali minda ya kanjedza ya mudzi wa Kalia, mizere yowongoka, yobiriwira modabwitsa m'dziko louma chotero. Ndinakwera kamtunda wapansi kwa mphindi zingapo, ndinalipira masekeli pafupifupi 30 pachipata, kenaka ndinagula botolo la madzi pa masekeli 10. Ndinalimaliza ndisanaone mwala ndi umodzi womwe.

Amayamba akulowetsani m'chipinda chozizira kukaonera kanema wachidule, kenaka mumatulukira kumabwinja. Malowo ndi aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Sukulu ya pulayimale yakumudzi ingawapose. Mumayenda pa milatho yamatabwa, pansi panu pali makoma ofika m'chiuno, ndipo chimene chimayamba kukopa maso ndi madzi omwe kulibe: ngalande yochokera kuphiri yokhotakhota pakati pa zipinda, zitsime zakuya zomata, ndi maenje osambiramo mwamwambo okhala ndi makwerero otsikira pansi. Makwerero a dzenje lina anang'ambika pakati, mbali ina inatitimira. Roland de Vaux, wansembe wa ku France amene anafukula pano kuyambira 1951 mpaka 1956, ankati chinang'amba ndi chivomezi cha chaka cha 31 Khristu asanabadwe. M'kachipinda kena anapezamo mbale ndi makapu adothi oposa 1,000 zitasanjikizidwa, ndipo m'chipinda chotalika cha pafupi ndi nsanja anapezamo timabotolo ta inki. Chakum'mawa kuli manda oposa 1,000, milu yamiyala yoloza kumpoto ndi kumwera.

Kodi ankakhala pano ndani? Zikwangwani za pamalopo zikutsatira maganizo a de Vaux ndi akatswiri ambiri, akuti anali Aesene, kagulu ka Ayuda kodzipatula komwe olemba akale Pliny ndi Josephus analembapo, ndipo Aroma anaphwasula mudziwo m'chaka cha 68 Khristu atabadwa. Koma si onse amavomereza. Norman Golb wa ku yunivesite ya Chicago anaumirira moyo wake wonse kuti pano panali linga la asilikali, ndipo mipukutu inachokera ku Jerusalem, anthu atabwera kudzaibisa pothawa nkhondo. Nditaima pa nsanja ndinaona kuti miyalayo payokha siithetsa mkanganowu.

Njira imathera pa khonde lotchinga ndi zitsulo. Patsogolo pali chigwembe, ndipo tsidya lake, pa mphuno ya thanthwe lofewa lotuwa, pali bowo lakuda. Ndi lomwelo. Phanga nambala 4.

Lili pafupi kwambiri moti munthu wamkono wabwino angaponyemo mwala. Panali zii, kupatula mbalame zakuda zamapiko ofiirira zomwe zinkaimba malikhweru pathanthwe, ndi timiyala togubuduzika pomwe mbuzi yakutchire inadutsa. Phanga loyamba lija, lomwe abusa a fuko la Ta'amireh analowamo chakumapeto kwa 1946 kapena kuchiyambi kwa 1947 n'kupeza mipukutu isanu ndi iwiri, lili kumpoto, mtunda woposa kilomita, ndipo silioneka kuchokera apa. Kumeneko mipukutu ina inali yokulungidwa m'nsalu, mumitsuko. Koma muno, m'phanga lachinayi, munalibe chitetezo chotero. Abeduwini atalipeza mu 1952, anakumba m'fumbi tizidutswa ta zikopa pafupifupi 15,000, zotsalira za mabuku oposa 500, tina kukula kwake ngati chikhatho, tambiri ngati chikhadabo. Akuluakulu a boma la Jordan ankagula pa dinar imodzi pa sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi, kuti ogulitsa asapeze phindu pong'amba zidutswa zikuluzikulu.

Ndinaima pamenepo mpaka khosi langa linayamba kuyabwa ndi thukuta louma. Ndinkaganiza za Goliyati. Baibulo lomwe ndinakula nalo limamupatsa msinkhu wa mikono isanu ndi umodzi ndi kanthu. Mpukutu wa Samueli wotuluka m'bowo limenelo umati mikono inayi ndi kanthu, mogwirizana ndi Baibulo lakale lachigiriki komanso Josephus. Mpukutu womwewo uli ndi ndime yonena za Nahasi, mfumu ya Aamoni, kuti ankakolowola maso akumanja a Aisiraeli a kutsidya la Yordano, ndime imene mulibe m'Chiheberi chomwe Mabaibulo ambiri anamasuliridwa kuchokeramo. Unapezeka mu 1952. Buku loufotokoza wonse linatuluka mu 2005.

Zaka 53 zimenezo n'zimene zinanditengera tsiku lotsatira kunja kwa mpanda wa mzinda wakale wa Jerusalem, chakumpoto, kupitirira Herod's Gate, kumene ogulitsa buledi wanthangala za chitowe amaitanira malonda ndipo mabasi amaliza mahutala osalekeza. Pakamtunda pali nyumba yamiyala yoyera yokhala ndi nsanja yamakona asanu ndi atatu, Rockefeller Museum. Ndinangoiona kunja. M'chipinda china chachitali cha m'menemo ndi momwe tizidutswa tija tinayalidwa pa matebulo, titapanikizidwa pakati pa magalasi, ndipo kuyambira 1953 kagulu ka amuna osakwana khumi kanayamba kutilumikiza: Józef Milik wa ku Poland, John Strugnell ndi John Allegro a ku Britain, Frank Moore Cross ndi Patrick Skehan a ku America, ndi ena ochepa. Myuda munalibe ngakhale mmodzi, pakuti dera limeneli linali m'manja mwa Jordan. Zithunzi za nthawiyo zimaonetsa dzuwa likulowera pa mawindo, wina fodya ali pakamwa. Ankalumikiza zidutswa ndi selotepi, ndipo akatswiri osamalira zinthu zakale atha zaka zambiri akuchotsa guluu wake.

Sindingawanyoze anthu amenewa. Tangoganizani makalata 500 ong'ambidwa, osakanizidwa m'dengu limodzi, ambiri mwa mapepala ake atadyedwa ndi chiswe, ndiyeno wina akuuzani kuti mubwezeretse kalata iliyonse pongoyang'ana kalembedwe ka dzanja, mtundu wa chikopa ndi kutalikirana kwa mizere. Iwo anachita zimenezo, ndipo pofika 1960 anali atasanja zochuluka. Chaka chomwecho thandizo la ndalama la banja la Rockefeller linatha, ambiri anabwerera ku mayunivesite awo. Chimene sindingachivomereze ndi mwambo womwe anaugwiritsa: chidutswa chikapatsidwa kwa katswiri, wina aliyense sankaloledwa kuchiona mpaka mwiniyo atasindikiza. Mabuku awo, otchedwa Discoveries in the Judaean Desert, osindikizidwa ku Oxford, anayamba mu 1955, koma ankatuluka mwa apo ndi apo. Anthu anakalamba, ena anamwalira, akudikira kuona zolemba za makolo awo. Mu 1977 Geza Vermes wa ku Oxford ananena poyera kuti nkhaniyi ikusanduka chochititsa manyazi chachikulu pa zamaphunziro.

Khomo linatseguka mu 1991, ndipo linatsegulidwa ndi anthu akunja. Panali mndandanda wa mawu onse a m'zidutswazo, wolembedwa pa timakadi kalekale, wosonyeza liwu lililonse pamodzi ndi oyandikana nawo. Ben Zion Wacholder wa ku Hebrew Union College ku Cincinnati, maso ake atayamba kale kuchita khungu, ndi wophunzira wake Martin Abegg anaulowetsa mu kompyuta n'kuluka ziganizo kuchokera ku mawu omwazikanawo. Anasindikiza mu September. Mwezi womwewo Huntington Library ya ku California inalengeza kuti zithunzi zonse za mipukutu zomwe inkasunga aliyense wofufuza angathe kuziona. Emanuel Tov wa ku Hebrew University, yemwe anali atangotenga utsogoleri wa ntchitoyi mu 1990, anawonjezera akatswiri ambirimbiri, ndipo mu 2001 analengeza kuti ntchito yatsala pang'ono kutha. Mabukuwo anakwana 40.

Masana ndinakwera basi kupita ku Israel Museum, pafupi ndi nyumba ya malamulo. Tikiti inali masekeli opitirira 50. Mipukutu ili m'nyumba yakeyake, Shrine of the Book, yomwe inatsegulidwa mu 1965. Kunja mumaona denga loyera lozungulira, lopangidwa ngati chivundikiro cha mitsuko ija, madzi akuliwaza mbali zonse, ndipo moyang'anizana nalo pali khoma lamwala wakuda bii. Nyumba yeniyeniyo ili pansi pa nthaka. Mumatsika, mumalowa m'kanjira kamdima kopanikiza ngati phanga, ndipo kuzizira kumakugwirani pomwepo. Malaya anga onyowa anandimamatira kumsana. Mlonda anandiuza mwaulemu kuti ndibweze foni m'thumba. Kujambula n'koletsedwa.

M'mbali mwa kanjirako muli tinthu ta anthu a ku Qumran: nsapato, zipeso, zipatso zakanjedza zopserera, mitsuko. Kenaka denga limakwera mwadzidzidzi. Pakati pa chipinda pali chinthu chooneka ngati chogwirira cha mpukutu wa m'sunagoge, ndipo mochizungulira mwatambasulidwa buku la Yesaya, machaputala onse 66, mamita 7.34, madanga 54 pa zikopa 17 zosokedwa ndi ulusi. Linalembedwa cha m'ma 125 Khristu asanabadwe, zaka pafupifupi 1,000 lisanalembedwe buku lililonse lachiheberi la Yesaya lomwe linkadziwika kale. Ndinalizungulira pang'onopang'ono, kuchokera kumanja kupita kumanzere, mtima ukugunda.

Si lenileni. Ndi chifanizo.

Lenilenilo limasungidwa mumdima, chifukwa kuwala kumadya inki ndi chikopa. Ngakhale zidutswa zenizeni zomwe zili m'magalasi a m'mbali zimangoonetsedwa miyezi ingapo, kenaka zimakapumula. Poyamba ndinakhumudwa. Koma nditawerama pa galasi lomwe munali ndemanga ya buku la Habakuku, kukhumudwako kunachoka. Chikopa chake n'chofiirira ngati fodya wouma, m'munsi mwake modyeka mwamafundemafunde, ndipo zilembo sizikhala pamwamba pa mzere monga timalembera ife, zimalendewera kunsi kwake ngati zovala pachingwe. Chiheberi changa n'cha m'kalasi, chochepa, komabe ndinatha kuona pomwe mlembi anafika pa dzina la Mulungu: anasintha kalembedwe, n'kulemba zilembo zinayizo m'kalembedwe kakale kwambiri, kosongokasongoka, kosiyana ndi mawu ena onse. Dzanja la munthu linaima pamenepo, linasintha, linapitiriza.

Ulendo wa mipukutu isanu ndi iwiri ija kufika muno unali wokhotakhota. Ina inadutsa kwa Kando, wosoka nsapato ndi wogulitsa zakale wa ku Bethlehem. Itatu inagulidwa ndi Eleazar Sukenik, yemwe anapita ku Bethlehem pa 29 November 1947, tsiku lomwe United Nations inavota zogawa Palestine. Inayi, kuphatikizapo Yesaya, inagulidwa ndi bishopu Athanasius Samuel pa mapaundi 24. Iye anapita nayo ku America, anaitsatsa mu Wall Street Journal pa 1 June 1954, ndipo Yigael Yadin, mwana wa Sukenik, anaigula kudzera mwa munthu wina pa madola 250,000. Zidutswa za ku Rockefeller zinalowa m'manja mwa Israel pa nkhondo ya 1967, ndipo mpaka lero Jordan ndi Apalestina amati n'zawo. Kumene kuli ndalama zotere achinyengo sasowa: mu 2020 kunatsimikizika kuti zidutswa zonse 16 zomwe Museum of the Bible ya ku Washington inagula zinali zopeka.

Kunsi, potsika makwerero ena, kuli Aleppo Codex, Baibulo lachiheberi la cha m'ma 930, lokhala ndi timadontho ta mavawelo ndi timawu ta m'mphepete. Ndinangoima pang'ono, miyendo inali itatopa.

Panja ndinakhala pa benchi pomwe mphepo inkabweretsa timadontho ta madzi a padenga loyera lija, n'kutulutsa foni. Kuyambira mu December 2012 bungwe la Israel Antiquities Authority linaika zithunzi za zidutswazi pa intaneti, pa Leon Levy Dead Sea Scrolls Digital Library, ulere. Chidutswa chooneka chakuda ngati khala, chikajambulidwa ndi kuwala kwa infrared, chikopa chimayera ndipo zilembo zimatuluka. Zithunzi zamakono zathandizanso pa zina: mu 2021 akatswiri a ku Groningen, pogwiritsa ntchito kompyuta, anasonyeza kuti Yesaya uja analembedwa ndi anthu awiri a kalembedwe kofanana, wachiwiri atayambira chapakati. Zimene Wacholder anazidikira zaka makumi angapo, wophunzira wa ku Zomba angazitsegule madzulo ano ngati ali ndi bandulo.

Mwa mabuku 40 aja, la nambala 33 ndi la zidutswa za m'phanga lachinayi zomwe palibe anatha kudziwa kuti n'za buku liti. Anazijambula, anazipatsa manambala, anazisindikiza choncho. Ndinatsegula kachidutswa kamodzi kotere n'kukakulitsa ndi zala mpaka kanadzaza galasi lonse la foni. Panali zilembo ziwiri ndi theka. Chimodzi chinali lamedi, khosi lake lalitali litakwera pamwamba pa mzere, ndipo pomwe cholembera chinayambira inki inali yochindikala pang'ono.