Chithunzi cha agogo chisasanduke cha munthu wachilendo

Kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, ndi mabanja owerengeka okha amene alibe mwana, mlamu kapena mkamwini ku Joni. Kale anthu amenewa ankapempha kalata. Masiku ano akupempha zithunzi: cha khanda limene labadwa iwo ali kutali, cha nikah ya mlongo wawo, ndiponso cha nyumba imene akutumizira ndalama, kuti aone ndi maso awo pamene njerwa zafika. Tsono popeza ife aphunzitsi a madrasa anthu amatiyesa odziwa chilichonse, makolo amatipeza tikangotuluka Swala ya Asr, foni ili m'manja, n'kumati, "Mwalimu, chithunzichi chikukana kupita."

Chimakana kaamba ka kulemera. Chithunzi cha pa foni ndi timadontho tosaoneka ndi maso, tondandalikidwa ngati mikanda, totchedwa mapikiselo. Kamera ya mamegapikiselo 12 imandandalika timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, tonse pamodzi 12 miliyoni, ndipo chithunzi chotere chimalemera mamegabaiti atatu kapena anayi. Mukachitumiza chathunthu, bandulo ya mamegabaiti 100 imatha musanafike pa zithunzi 35, ndipo kumene netiweki ndi yofooka chimangozungulira osachoka. WhatsApp payokha imachepetsa chithunzi mpaka timadontho pafupifupi 1,600 m'litali, n'kuchipepukitsa kakhumi kapena kuposerapo. Kuyambira chaka cha 2023 anaikamo kabatani ka HD koti chithunzi chipite chokulirapo, ndipo mukachitumiza ngati Document chimapita monga chinajambulidwira.

Ife sitiona cholakwa pa kuchepetsaku. Galasi la foni ndi laling'ono, ndipo mwana wanu ku Durban sasowa timadontho 12 miliyoni kuti azindikire mano awiri amene amera m'kamwa mwa khanda lake. Zoyenera kupita zathunthu ndi zija za malemba ang'onoang'ono, monga lisiti la simenti kapena satifiketi ya sukulu, komanso chithunzi choti akachitsukitse pa pepala. Koma dziwani kuti chopita ngati Document chikhoza kunyamulanso malo enieni amene munajambulira, ngati foni yanu inatcheredwa kusunga zimenezo, choncho musachitumize kwa munthu amene simukumudziwa.

Zithunzi zambiri zimene timaziona zinaonongeka zisanatumizidwe n'komwe. Diso la kamera limakhala ndi mafuta a m'zala, makamaka foni ikadutsa m'manja mwa amene amatumbula usipa kapena kukazinga zitumbuwa. Kulipukuta ndi nsonga ya nsalu yoyera kumachita zimene pulogalamu iliyonse singachite. Dzuwa la masana la mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa limaika mithunzi yakuda m'maso mwa munthu, kotero jambulani m'mawa kapena madzulo, apo ayi pamthunzi wa mango. Vuto lina ndi la pa Idi. Abambo akavala mkanjo woyera mbee, kamera imatsata kuyera kwa nsaluyo n'kudetsa nkhope, mwakuti mumangoona kofiya ndi mkanjo popanda mwini wake. Gwirani ndi chala pankhope pagalasipo musanajambule, kuwala kudzatsata nkhopeyo. Mukatero dulani m'mbali, chifukwa theka la zithunzi zathu limakhala thambo ndi denga la oyandikana nawo.

Ndiye pali kutumizirana kosatha. Zithunzi zambiri za m'mafoni zimasungidwa m'njira yotchedwa JPEG, imene inakhazikitsidwa mu 1992, ndipo imapepukitsa chithunzi potaya tizinthu tina timene diso silitiona msanga. Wina akachiika pa Facebook, wina n'kuchijambula pagalasi la foni yake, winanso n'kuchikonza ndi kuchitumiza, paliponse chimatayako kanthu, monga fotokope ya fotokope inzake. Chimene chatayika sichibwerera.

Apa ndi pamene achinyamata athu amati, "Bweretsani tichikonze." Tamvetsetsani, abale, chifukwa kukonzaku kuli pawiri. Njira yakale, imene mungaipeze m'mapulogalamu aulere monga Snapseed, imangodetsa pang'ono mbali yakuda ya mzere uliwonse ndi kuyeretsa mbali yowala, kuti malire a diso, mlomo ndi kofiya aoneke akuthwa. Siionjezera kanthu kamene kanalibemo. Imagwira bwino mukayamba mwachepetsa chithunzi, kenaka n'kuthirako pang'ono ngati mchere wa m'ndiwo. Mukapyoza muyeso mudzaona kamzere koyera kozungulira mutu, ndipo khungu limaoneka ngati dothi la m'dambo long'aluka ndi chilimwe.

Njira yatsopano ndi imene yatichititsa kulemba nkhani ino. Mapulogalamu amenewa anaonetsedwa nkhope za anthu miyandamiyanda, ndipo akapatsidwa nkhope yosaoneka bwino saiyeretsa ayi, amailota. Amayerekeza kuti diso lotere limayenda ndi mphuno yotere, n'kujambula nkhope yatsopano pamwamba pa yakaleyo. Mu 2020 anthu anayesa pulogalamu yotchedwa PULSE, yopangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Duke ku America, poipatsa chithunzi chachimbuuzi cha Barack Obama. Inatulutsa nkhope yooneka bwino kwambiri, koma ya mzungu. Ngati zinatero ndi munthu wodziwika dziko lonse, nanga agogo a kumudzi kwathu amene pulogalamuyo sinawaonepo?

Tinazionera tokha m'banja la mwana wina wa pa madrasa pathu. Anali ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu agogo awo aakazi, chojambulidwa ndi ojambula aja ankayenda pa njinga m'midzi, kamera ili m'khosi, n'kubweretsa zithunzi patatha milungu iwiri. Chinyezi chinali chitachifufutsa, mphemvu zitadya ngodya imodzi. Mdzukulu wina, ndi mtima wabwino ndithu, anachilowetsa m'pulogalamu n'kutulutsa mayi wokongola wa khungu losalala. Mphini za m'masaya panalibe. Chipini cha pamphuno pulogalamu inachiyesa litsiro n'kuchifufuta, mphunoyo inasongoka, khungu linayererako. Mwana wa malemuwo, amene panopa naye ndi agogo, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kubweza foni. "Amayi awa ndi okongola," anatero, "koma si amayi anga." Pomwe ankanena zimenezi n'kuti chithunzicho chitafika kale ku Johannesburg, ndipo adzukulu amene sanawaonepo agogowo anali atachiika kale pa mafoni awo.

Tikudziwa kuti mashehe athu saona chimodzimodzi pa nkhani ya zithunzi, ndipo sitikuiweruza pano. Koma banja limene lasankha kusunga chithunzi lasunga umboni, ndipo pepala lija likadzatha kuola, ana a mawa adzatsala ndi nkhope yolotedwa ndi makina n'kumaloza kuti awa ndiwo anabereka mtundu wathu. Zomwezonso zikuchitika ndi amoyo. Mnyamata ali ku Cape Town akufuna banja kumudzi, amalume ake amutumizira chithunzi cha mtsikana choyeretsedwa ndi kusalazidwa, naye atumiza chake chokonzedwa chimodzimodzi. Amene amavutika pa tsiku loonana ndi mtsikanayo, pa bodza limene mwina sanaliyambe ndi iye. Ndipo tinene modutsa, chithunzi cha mayi kapena mtsikana ali m'nyumba mwake osafunda kumutu sichoyenera kuchoka m'foni mwini wake asanalole, ngakhale wopemphayo akhale mbale.

Amene munalowapo m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare pa Mua, pamalo pamene mishoni inayamba mu 1902, mukudziwa kuti zithunzi zakale sizifunika kusalala kuti munthu aime n'kuziyang'anitsitsa. Chimene chimazipatsa moyo ndi mawu ofotokoza kuti awa ndani, kunali kuti.

Tsono ngati muli ndi chithunzi chakale m'sutikesi, chitulutseni m'galasi kapena m'pulasitiki, muchigoneke pa mphasa pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuomba. Zimitsani fulashi, gwirani foni molunjika pamwamba pake ndi manja awiri, mujambule katatu n'kusankhapo chimodzi. Choyambacho musachikhudze, chisungeni m'memore khadi, ndipo mukafuna kudula kapena kuwalitsa chitani zimenezo pa kope lake. Gulani bandulo kamodzi, muchitumize chathunthu kwa mbale mmodzi wokhulupirika amene ali kumene intaneti ndi yosavuta, kuti foni yanu ikagwera m'madzi chikhale chili kwina. Enawo atumizireni chochepetsedwa, ndi chimbuuzi chake chomwe. Pomaliza apatseni foni agogo amene atsala, ajambule mawu awo akutchula dzina la munthuyo, mfunda wake, mudzi umene anachokera ndi chaka chimene akuchikumbukira, mawuwo apite limodzi ndi chithunzicho. Kuseri kwa pepala lembani ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera mpaka kumaso.