Anankafumbwe anandidyera matumba 60, yankho lili chikhalire laulere

Inu anzanga a geni ya chimanga mu Limbe, ku Ndirande, kwa Chinsapo ndi ku Mchesi, tcherani khutu ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine kuno ku Nkaya. Sikuti ndikufuna mundimvere chisoni ayi. Koma mwina wina mwa inu waunjika matumba m'chipinda n'kumagona tulo tofa nato ngati m'mene ndinkachitira ine.

Kwa amene simunafikeko, Nkaya ndi pamphambano pa njanji m'boma la Balaka, lomwe mpaka 1998 linali mbali ya Machinga. Njanji yochokera ku Limbe imapatukira pano kulowera ku Liwonde, Nayuchi mpaka ku Nacala, ndipo sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimadutsa ife tikungowerenga mabogi. Geni yanga mukuidziwa: kupikula chimanga m'midzi nthawi yokolola, kusunga, n'kudzagulitsa mu Januwale. Ena amati ndife mavenda ouma mtima, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mu 2022 ndinagula matumba 60 a makilogalamu 50. Theka la mpamba anandikongolera ndi mayi a kunyumba ku banki m'khonde. Mankhwala ndinagula kwa mnyamata wina pamsika, ufa wa m'kapepala kopanda dzina, ati "awa ndi amphamvu zedi, bwana". Ndinathira, ndinasoka, ndinakhoma chitseko.

Mu Okutobala nditalowa m'chipindamo ndinamva kaphokoso ngati mvula yowaza padenga la udzu. Kupisa dzanja m'thumba, ufa wokhawokha! Ngakhale mitengo yomwe ndinasanjikapo matumba inali itabooledwa. Chinandizunguza mutu n'chakuti nankafumbwe yemwe ndinakula naye ali ndi kamlomo kakatali, pomwe awa analibe. Mutu wobisika kunsi, kumbuyo ngati wachita kudulidwa ndi mpeni. Anzanga ena anati wina wandiponda. Mayi a kunyumba anakhala masiku atatu osandilankhula, ndipo sindikuwaimba mlandu, pakuti ku gulu kuja dzina lolembedwa m'kaundula linali lawo.

Pa Khirisimasi kunabwera mwana wa mlongo wanga yemwe ankaphunzira zaulimi ku Bunda. Ndinamuonetsa tizilombo tija m'kabotolo. Anangoyang'ana kamodzi n'kuti, "Malume, kameneka anthu anakalemba kalekale. Muli ndi bandulo?"

Anatsegula Google Scholar pafoni yanga. Ameneyutu si Google wa mpira ndi nyimbo uja. Ndi mbale wake, alipo kuyambira 2004, ndipo ntchito yake ndi kusaka zolemba za akatswiri a kafukufuku basi. Mnyamata analemba dzina la kachilomboko m'Chingerezi, larger grain borer, n'kuwonjezera Malawi. Zinatuluka mndandanda wosatha.

Tinadina choyamba. Chinationetsa kandime kamodzi, kenaka ati kuti muwerenge chonse lipirani madola pafupifupi 40. Pepala la masamba khumi! Ndinaseka mpaka misozi. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbuka kuti mabuku ena ankaletsedwa ndi Censorship Board, ukapezeka nalo unkadziwa wekha. Lero palibe akumanga munthu chifukwa chowerenga, koma loko ilipobe, kungoti kiyi wake ndi dola.

"Musataye mtima, malume," anatero mnyamata. "Nyumbayi ili ndi makomo ambiri."

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa ine ndinatenga masabata kuti ndizolowere. Pa Google Scholar, yang'anani chakumanja kwa mutu wa pepala. Mukaona palembedwa PDF, dinani pamenepo, n'zaulere. Ngati palibe, kunsi kuli timawu takuti All versions. Kawirikawiri pepala lomwe kampani yosindikiza ikugulitsa, mwini wake analiikanso kwaulere pa tsamba la yunivesite yake. Katundu yemweyo, benchi yosiyana, monga zimakhalira mu msika. Palinso malo otchedwa African Journals Online omwe amasonkhanitsa magazini a kafukufuku a muno mu Africa, ndipo ambiri mwa iwo salipiritsa. Malawi Medical Journal yathu ija imawerengedwanso ulere, kwa inu amene vuto lanu ndi la matenda.

Pepala la madola 40 lija silinapezeke paliponse. Mnyamata atabwerera kusukulu anakalankhula ndi amayi ena a ku laibulale, ndipo tsiku lomwelo linandipeza pa WhatsApp. Ndinafunsa ngati anachita kuba. Ati ayi. Bungwe la FAO linakhazikitsa mu 2003 ndondomeko yotchedwa AGORA, yolola masukulu aukachenjede ndi malo a kafukufuku m'maiko osauka ngati lathu kuwerenga magazini a zaulimi osalipira. Chaka chomwecho malaibulale a m'dziko muno anapanga mgwirizano wawo, MALICO, kuti azisonkherana pogula zowerenga za pa intaneti. Ndiye kuti kiyi uja alipo m'Malawi momwemuno, ali m'manja mwa anthu a ku laibulale. Ine ndinkayesa ntchito yawo ndi kupukuta fumbi ndi kuuza ana kuti akhale chete. Ndinalakwa, andikhululukire.

Nanga ndinapezamo chiyani? Kachilombo kaja si ka kuno. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Kanaoneka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, komwe alimi anakapatsa dzina loti Scania, ndipo kuno kanapezeka koyamba ku Karonga mu 1991. Kamaboola mtengo wouma n'kubisalamo, choncho ukaika chimanga chatsopano pamitengo yakale ndiye kuti waitana alendo wekha. Kamadyanso makaka. Kamasangalala kwambiri ndi chimanga chosatonola. Ndipo chomwe chinandibaya mtima ndi ichi: mankhwala amene amapha nankafumbwe wamba sakapha bwino kameneka. N'chifukwa chake mankhwala enieni amasakaniza mitundu iwiri, wina wa nankafumbwe, wina wa kameneka, ndipo zimalembedwa pa botolo. Ufa wanga wa m'kapepala uja, kaya unali chiyani, mwina phulusa.

Ndinawerenganso za matumba a PICS omwe anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, poyamba posungira khobwe. Ndinkawaona m'masitolo koma ndinkati ndi njira yongotidyera ndalama. Thumba lake ndi la mitundu itatu, mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Ukamanga lililonse palokha mothina, mpweya sulowa, tizilombo timamaliza wotsalawo n'kufa tokha, popanda mankhwala. Koma chimanga chiyenera kuuma gwa, apo ayi chichita chuku. Poyesa kuuma, thirani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo la galasi louma, tsekani, khutchumulani. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, kayanikeninso.

Sindikunamizani kuti zonsezi ndinaziwerenga mosavuta. Ine ndinalekeza Fomu 2. Chingerezi cha m'mapepala amenewa ngakhale mphunzitsi amatuluka nacho thukuta. Mnyamata anandiuza kuti ndiziwerenga kandime koyambirira ndi komaliza kokha, masamu a pakatiwo ndiwasiyire eni ake. Ndipo apa pali chondiwawa. Kangati tawaona anyamata ndi asungwana atanyamula mapepala a mafunso, kutifunsa kuti mumasunga bwanji, mumataya matumba angati? Timawapatsa mpando, timayankha, amakwera galimoto. Zimene anapeza zimakatulukira kunja m'chilankhulo choti agogo amene anayankha mafunso aja sangachimve. Kachilombo kanalowa 1991, ine ndikudzadziwa khalidwe lake patatha zaka 31, nditaluza kale. Alangizi alipo, sindikukana, koma amayendera alimi. Wa geni amene amasunga matumba 60 pakhomo samuwerengera.

Ngongole ija tinabweza pogulitsa mbuzi zinayi ndi njinga. Chaka chotsatira ndinagula matumba 20 okha, ndinatentha mitengo yonse yakale, ndinaika mu PICS. Mu Januwale chimanga chinatuluka chikulira ngati miyala, ndipo mayi a kunyumba ndiwo anagwira sikelo.

Tsopano anzanga a pano akangoona kachilombo kachilendo amabwera nako kwa ine, ati "a pulofesa". Sabata yatha amayi ena ogulitsa nandolo anandibweretsera wawo wofumbwa pa mbale. Pepala lake ndinalipeza, koma lili kuseri kwa loko, ndipo mnyamata uja anamaliza sukulu. Iye anandiphunzitsa khomo lina lomaliza: pamwamba pa pepala pamakhala keyala ya imelo ya wolemba, ndipo ambiri ukawapempha mwaulemu amatumiza, poti pa madola 40 aja iwo salandirapo kanthu. Ndawalembera ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, ndawauza kuti ndine wa geni ku Nkaya. Amayi aja abwera kale kawiri kudzafunsa ngati azungu ayankha.