Za Nkhuku Zathu m'Nyengo ya Chisanu

Nyengo ya chisanu yafika, ndipo ndifuna kulankhula nanu mawu pang'ono pa za nkhuku. Kapena wina adzati, Kodi aphunzitsi asowa nkhani? Iyayi, sindinasowe. Pakuti nkhuku ndiyo itichotsa manyazi akafika mlendo, ndiyonso igula mchere, sopo ndi makope a ana. Koma poyenda ine m'midzi ya kuno ku mapiri a Dedza m'miyezi ya Juni ndi Julaye, kawirikawiri ndiona thadzi limene linaswa anapiye khumi likutsatidwa ndi awiri okha. Ndikafunsa, eni ake ati, Anatha ndi kabawi. Kabawi ali nayo milandu yake ndithu, koma ambiri mwa anapiye aja sanaone ngakhale mthunzi wake: anafa ndi mphepo ndi mame.

Nkhuku yaikulu siopa chisanu cha kwathu kuno. Thupi lake litentha kufikira madigiri 41, kuposa la munthu, ndipo nthenga zake zisunga kutenthako. Koma mwanapiye ali ndi ubweya wokha. Kufikira atamera nthenga, ndiko kuti masabata 5 kapena 6, moto wake ndi amake. Sabata yoyamba afuna kutentha kwa madigiri 32 kapena kuposapo. Tsono taganizani. Thadzi lanjala lidzuka m'bandakucha, nililowa m'udzu wa mame kukapalasa. Ana alitsata, nanyowa, nayamba kutsalira mmodzimmodzi, mapiko ali pansi. Pofika madzulo wina wagona kuseri kwa nkhokwe, wosadzukanso.

Kunyumba kwathu, amayi avundikira thadzi ndi ana ake ndi dengu lalikulu pangodya ya khitchini, atayala udzu wouma pansi, ndipo sawatulutsa kufikira dzuwa litaumitsa mame. Tsiku la chiperoni, pamene kuchita nkhungu ndi mvula yowaza, satuluka konse. Awapatsa madeya osakaniza ndi fumbi la usipa, ndi chiswe ana akachipeza, pakuti nyengo ino ziwala zichepa. Madzi awaikira m'phale ndi timiyala, kuti anapiye angagweremo. Thadzi likafuna kufungatira m'miyezi ino, tilisiyira mazira 8 kapena 10 basi. Mukalipatsa 15 silitha kuwaphimba onse. A m'mphepete azizidwa, ndipo popeza liwatembenuza tsiku ndi tsiku, lero azizidwa awa, mawa ena, ndipo atatha masiku 21 mupeza ambiri asukusa.

Za khola ndinena ndi inu abambo, amene muyesa nkhuku nkhani ya akazi kufikira tsiku la kudya chiwindi. Khola la m'mwamba ndi labwino pa zilombo za usiku, koma mphepo ilowa pansi, pakati pa timitengo. Yalanipo udzu. Mwera ndi chiperoni zidzera kumwera chakum'mawa: matani dothi mbali imeneyo, ndipo khomo lipenye kwina. Koma musatseke ponseponse. Siyani mpata pamwamba, pansi pa tsindwi, chifukwa fungo la zitosi likadzaza m'khola lotsekeka lipweteka maso ndi chifuwa cha nkhuku koposa chisanu chomwe. Ena, mwa chifundo, aika mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mpweya wa makalawo upha nkhuku monga upha munthu. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'kansanza likwanira anapiye amasiye.

Nkhuku zikapanikizana usiku, utitiri uchuluka. Sesani zitosi sabata ndi sabata, mupite nazo kudimba, ndi kuwaza phulusa m'khola ndi m'zisa.

Chitopa ndi nkhani ina; musachinamizire chisanu, ndipo kumata khola sikuchiletsa. Mankhwala ochiza chitopa kulibe, koma katemera alipo, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi 4 iliyonse. Gwirizanani mudzi wonse, mufunse alangizi a ziweto tsopano lino, dzuwa la chilimwe lisanafike.