Kalata yochokera ku Pretoria: mwana akasiya kutumiza ndalama

Makolo ndi abale kumudzi,

Kuno tilipo, kungoti maganyu akusowa. Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya anyamata amene mumawakweza basi kuti adzakumangireni nyumba ya malata.

Mwana akasiya kutumiza ndalama, mumati watchona kapena wapeza mkazi wa kuno. Nthawi zina n'zoona. Koma ena anagwidwa ndi nyaope, ndipo manyazi ndi amene amawatseketsa foni.

Nyaope ndi ufa wa heroin wosakaniza ndi zinthu zina, umene amauwaza pa chamba n'kupichira ndudu. Inayamba kumveka m'makomboni a Pretoria ngati Soshanguve ndi Mamelodi m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo boma linaiika m'gulu la mankhwala oletsedwa mu 2014. Ku Durban amaitcha whoonga. Kapaketi kamodzi n'kotchipa, pafupifupi R30, ndiye msampha wake. Mnyamata amene ankasuta chamba kwathu amalandira ndudu kwa mnzake osadziwa kuti muli china.

Muyenera kumuona m'mawa asanasute. Thukuta kamukamu ngakhale m'nyengo yachisanu ya June, mamina chuchuchu, atapinda thupi manja ali pamimba chifukwa cha kupotokola. Akangokoka utsi kangapo, zonse zii, maso n'kuyamba kulemera, tulo tomugwira ali chiimire. Pofika apa sakusutanso kuti asangalale, akungothawa ululu, ndipo pakapita maola ochepa ululuwo umabwerera. N'chifukwa chake amagulitsa foni, kenako nsapato, kenako zipangizo za abwana ake. Mapeto ake ndi kukoka ngolo ya zitsulo zakutha kupita nazo kwa ogula. Ena afika pomadzibaya, kubwerekana jakisoni mmodzi, ndipo HIV imadutsira pomwepo.

Mankhwala alipo. Pulogalamu ya COSUP, imene mzinda wa Tshwane unayambitsa pamodzi ndi University of Pretoria, imapereka methadone, mankhwala akumwa amene amaletsa ululu uja kuti munthu athe kugwira ntchito. Bungwe la SANCA nalo lili ndi malo a uphungu m'mizinda yambiri. Koma Mmalawi wopanda mapepala amaopa ofesi iliyonse, poganiza kuti akathera ku Lindela, kosungirako alendo opanda mapepala, n'kubwezedwa kwawo. Amasankha kugona pansi pa mlatho.

Ifenso kuno tili ndi mlandu. Munthu akamwalira timasonkherana msanga kuti maliro apite kumudzi, koma akadali moyo timamulambalala, ati ndi wakuba.

Tsono wanu akabwera atawonda, chimanjamanja, musayambe ndi funso loti ndalama zili kuti. Musamumange ndi chingwe kapena kuthamangira kunena kuti anamulodza achibale ansanje. Mapemphero pempherani, koma mupite naye kuchipatala. St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu otere, chimodzimodzinso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Dziwaninso kuti ambiri amayambiranso asanasiyiretu, ndipo ena amangosinthira ku kachasu. Zikatero, mubwerere naye komweko.

Ndipo inu amalume, amene mukufuna kugulitsa mbuzi kuti mphwanu abwere kuno, yambani mwafunsa kuti akafikira kwa yani ndipo azikagona pati.

Ndine mwana wanu,
wa ku Pretoria