Mfuti Yosapha Mbalame

Kunyanja kwa Salima kuli mbalame zamitundumitundu. Alendo ofika ku Senga Bay akonda kuyang'ana nkhwazi, pakuti ndi yaikulu, ndipo mau ake amveka kutali. Koma pabwalo pa nyumba za m'mudzi pali timbalame tina timene anthu satisamala: mpheta zotola madeya pamtondo, apumbwa odya mapapaya, atchete oluka zisa m'bango, ndi anamzeze. Kujambula nkhwazi ili chikhalire pamtengo n'kosavuta. Koma kujambula mpheta ili kuuluka ndiyo ntchito yoyesa mtima wa munthu.

Chovuta chake ndi ichi. M'kati mwa kamera muli kachitseko kamene katseguka ndi kutsekekanso, kuti kuwala kulowe ndi kulemba chithunzi. Kachitseko kakachedwa kutsekeka, kambalame kayamba kasuntha, ndipo pachithunzi paoneka chimbuuzi chokha. Chifukwa chake wojambula aikonza kamera yake kuti kachitsekoko katseguke gawo limodzi la magawo 2,000 a sekondi. Nthawi imeneyi ndi yaifupi koposa kuphethira kwa diso.

Kale anthu sankadziwa bwino mayendedwe a mapiko, popeza diso silitha kuwatsata. M'chaka cha 1882 munthu wina wa ku France, dzina lake Étienne-Jules Marey, anapanga kamera yooneka ngati mfuti. Ankaiika paphewa ndi kuloza mbalame monga achitira mlenje, koma m'mfutimo simunkatuluka chipolopolo. Inkajambula zithunzi 12 pa sekondi imodzi, ndipo mbalame inkapitirira ulendo wake yamoyo. Makamera a masiku ano aposa ya Marey kutali, koma ngakhale kamera yokwera mtengo siithandiza munthu wosadziwa makhalidwe a mbalame.

Taonani umo achitira wojambula wanzeru. Sathamangitsa mbalame ai. Aika phale la madzi pabwalo, nawaza madeya pambali pake, nazika kanthambi kouma pafupi. Achita chomwecho masiku ambiri kufikira timbalame titazolowera. Iye adziwa kuti mpheta siifikira pansi msanga. Iyamba yatera pakanthambi, niunguza uku ndi uku, pamenepo nitsika. Tsono wojambula aloza kamera yake pampata wa pakati pa kanthambi ndi phale, nakhala duu kuseri kwa mpanda.

Asamalanso za dzuwa ndi mphepo. Ku Salima dzuwa lituluka kutsidya kwa nyanja, motero m'mawa iye afulatira nyanja, kuti kuwala kugwe pa mbalame, kusalowe m'maso mwa kamera. Adziwanso kuti mbalame ponyamuka ndi potera iyang'ana kumene ichokera mphepo. M'miyezi yozizira, pamene uomba mwera, mbalame itera moyang'ana kumwera, ndipo munthu wofulatira nyanjayo aiona cham'mbali, thupi lonse kuyambira kumlomo kufikira kuchipsepse.

Ngakhale atero, zithunzi zambiri ziwonongeka. Pa china paoneka phale lokha, mbalame itapita kale. Pa china paoneka nsonga ya phiko. Munthu wamtima wapachala aleka tsiku lomwelo. Koma akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chithunzi chikakoma, chionetsa zimene diso silinaonepo. Phiko potsika litambasuka lonse, nthenga zili nganganga, kukankha mpweya. Pokwera lipindika, kuti libwerere mopepuka. Ndipo timbalame tambiri tating'ono tikakupiza kangapo tifumbata mapiko onse awiri, ndi kupita m'malere ngati mwala woponyedwa, kenaka tikupizanso. N'chifukwa chake kauluke kake kakwera ndi kutsika ngati mafunde a panyanja.

Pali lamulo limodzi limene wojambula wabwino saliphwanya: sayandikira chisa mopambanitsa, ndipo sathyola nthambi zochiphimba. Mbalame yoopsedwa ithawa mazira ake, ndipo anapiye osiyidwa padzuwa afa. Chithunzi chogulidwa ndi moyo wa anapiye n'chochititsa manyazi.

Ana inu, ambiri a inu mulibe kamera, koma nzeru zake za ntchitoyi muli nazo kale. Mnyamata wotchera ulimbo adziwa nthambi imene atera pumbwa. Mtsikana woingitsa mbalame m'munda wa mpunga ku Lifuwu adziwa nthawi imene zifika ndi kumene zichokera. N'zoona kuti mbalame zina ziba mpunga, ndipo ziyenera kuingidwa. Koma namzeze sadya za m'munda. Adya tizilombo touluka. Anamzeze ena achokera ku Ulaya, nafika kuno poyamba pa dzinja, nabwerera kwao mvula ikamatha. Kambalame koyenda ulendo wotere sikayenera kuthera pa legeni la mwana wongosewera.

Wopha mpheta apeza kanyama kosakwana mbamu imodzi ya nsima, ndipo mawa pabwalo pali zii. Woijambula aonetsa chithunzi chake kwa anthu ambiri, mpheta ija ili kutolabe madeya pamtondo. Yambani tsono kuphunzira ndi maso: khalani chete pakhonde, sankhani mbalame imodzi, ndipo yesani kunena kumene idzatera isanatere.