Kukonzekera Sabata Kufike ndi kwa Galu Yemwe

Ambirife galu sitinamutenge chifukwa chomukonda. Tinamutenga chifukwa cha akuba, ndipo mphaka anabwera chaka chimene makoswe anaboola matumba a chimanga. Chikondi chinadza pambuyo, kudzera mwa ana amene amawapatsa mayina ndi kuwagawira mkute mobisa. Komabe lamulo la Sabata pa Eksodo 20 limatchula ziweto pamodzi ndi ana ndi antchito pakati pa oyenera kupuma, ndipo Miyambo 12:10 imaona chilungamo cha munthu pa mmene amasamalira chiweto chake. Ngati Mulungu anaziwerengera m'banja, ntchito ya Lachisanu singathere pa kusita zovala ndi kuphikiratu ndiwo.

Taganizani mmene Sabata lathu limayendera. Timatseka chitseko cha m'ma 8 koloko kuti tisachedwe ku Sukulu ya Sabata, nkhomaliro timadyera kutchalitchi komweko, masana kuli mapulogalamu a achinyamata, ndipo timabwerera dzuwa litalowa. Maola onsewo galu ndi mphaka amakhala okha ndi chilichonse chimene chatsala pansi. N'chifukwa chake kwathu Lachisanu masana, tikatha kukolopa, timazungulira nyumba maso ali pansi: kuseri kwa matumba, kunsi kwa kabati, m'mbali mwa khoma la khitchini. Zimene zimapha ziweto m'makomo mwa anthu kawirikawiri ndi zinthu zimene eniake anagula ndi cholinga chabwino.

Chachikulu ndi mankhwala a makoswe. Aja a timibulu takuda ogulitsidwa m'timapepala pamsika, amene timawatcha tameki, dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo anapangidwira tizilombo ta m'munda, osati nyumba yogona anthu. Munthu amawasakaniza ndi usipa kuti khoswe akopeke, kuiwala kuti fungo la usipa limaitana mphaka msanga kuposa khoswe. Chiweto chikadya, pasanathe ola chimayamba kuchucha dovu, kunjenjemera, kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako chimabanika. Akuba amawadziwa bwino mankhwalawa. Ndi omwe amaika m'nyama n'kuponyera agalu usiku. Palinso mtundu wina wa m'sitolo umene umagwira pang'onopang'ono polepheretsa magazi kuundana. Galu amaoneka bwinobwino masiku atatu kapena asanu, kenako amafooka, nkhama zimayera, mwina kutuluka magazi m'mphuno. Umenewu umachizika ndi vitamini K1 ngati mwathamangira kwa dokotala wa ziweto, ndipo paketi yake muitenge kuti akadziwe chimene akulimbana nacho. Kumwetsa mkaka kapena mafuta ophikira sikuchotsa poizoni, kumangotha nthawi.

Wina anganene kuti nyambo amaibisa pamene mphaka safika. Koma khoswe wodya poizoni safera pomwepo. Amatuluka n'kumadzandira pabwalo, ndipo ndiye wosavuta kugwira. Choncho pakhomo pathu makoswe tinawasiyira mphaka ndi misampha, mabowo tinatseka ndi simenti. Tinaganiziranso mdzukulu wokwawa, amene dzanja lake limafika paliponse pamene pafika mphuno ya galu, ndipo chimene watola chimapita kukamwa.

China chimene chimadabwitsa anthu ndi panado. Munthu amaona mphaka akutsimphina, chifundo chimamugwira, n'kumunyenyera piritsi m'chakudya. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwalawa m'thupi monga chimachitira chathu, moti piritsi limodzi la 500 mg likhoza kumupha; nkhope imatupa, nkhama zimada, kupuma kumavuta. Brufen nayenso amawononga impso ndi chifu cha galu. Mapiritsi a agogo amene amakhala pa kampando pafupi ndi bedi tinawasamutsira m'kabati yotseka. Mankhwala a nkhupakupa a galu okhala ndi permethrin ndi poizoni kwa mphaka, ndipo permethrin yemweyo ali mu Actellic Super amene timathira m'chimanga. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, ndiye chilichonse chomata pa ubweya chimathera m'mimba. Tsiku lothira mankhwala m'chimanga timamutsekera kunja mpaka titasesa fumbi lotayika.

Nkhani ya chakudya imatikhudza mwapadera ife a Adventist. M'makomo mwathu anyezi ndi adyo sizisowa, chifukwa ndi zimene zimakometsa nyemba ndi nyama ya soya, ndipo kwa ife n'zabwino. Koma kwa galu ndi mphaka zimaphwanya maselo ofiira a magazi, kaya n'zaziwisi kapena zophika. Kamsuzi ka tsiku limodzi mwina sikangagwetse galu wamkulu, koma mbale ya makombo a ndiwo tsiku ndi tsiku imamuchepetsa magazi mwakachetechete, eniake n'kumati galuyu ndi waulesi. Timamupatulira zake tisanaike anyezi mumphika. Chokoleti ndi mphesa zouma za m'buledi wa Sabata asalawe n'komwe, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati timinga n'kuboola matumbo.

Apa tinene mosabisa: uthenga wa zaumoyo unaperekedwa kwa anthu, osati kwa mphaka. Banja likhoza kusiya nyama n'kukhala lathanzi, koma mphaka amafunika taurine, chimene amachipeza m'nyama ndi m'nsomba, ndipo akachisowa nthawi yaitali maso ndi mtima zimawonongeka. Nsima ndi masamba otendera si chakudya chake. Ngakhale m'nyumba imene simudyedwa zanyama, kathumba ka usipa kapena bonya ka mphaka kakhalepo. Ngati n'kamchere, kaviikidwe kaye m'madzi.

Kunja kuli dzuwa. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu lilime lili panja. Kakhola kamalata mwezi wa Okutobala kamatentha ngati uvuni, ndipo chizolowezi chotsekera galu m'menemo tsiku lonse ati kuti akhale waukali ife sitigwirizana nacho. Galu wotero amaluma mwana wa pakhomo pomwepo mofanana ndi mbala. Ngati n'kofunika kumumanga, chingwe chikhale chachitali, ndipo onani kumene mthunzi udzakhale masana, osati m'mawa pamene mukunyamuka. Madzi timaika m'mabeseni awiri olemera, chifukwa limodzi amaligubuduza ndi chingwe. Dramu la madzi ndi chitsime timavundikira kuopa tiana ta mphaka, ndipo phulusa la mbaula timalithira madzi poti mphaka amakonda pofunda ndipo makala amabisala m'kati.

Tsopano chiwewe, chimene chimagwirizanitsa moyo wa galu ndi wa ana athu. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sachira. Komatu katemera alipo, ndipo agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa, matendawa amasiya kufala. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu kuyambira mu 2015, ndipo pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira za matendawa. Kwina funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Kagalu kayambe kubayidwa kali ndi miyezi itatu, mphakanso abayidwe, ndipo khadi la katemera kwathu limasungidwa pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kaya ndi Sabata, apite.

Chovuta kwambiri ndi nyengo ya msonkhano wa misasa, pamene banja lonse limachoka masiku angapo. Kusiya poto wa nsima pakhonde sikuthandiza: imasasa tsiku lachiwiri, ndipo galu wanjala amadumpha mpanda n'kukafukula m'maenje a zinyalala a anthu ena, kumene kumatayidwanso makoswe ofa ndi tameki. Ife timapangana ndi mnansi wathu, amene amapemphera Lamlungu. Timamusiyira mgaiwa, usipa, makiyi a geti ndi nambala ya dokotala wa ziweto, ndipo iye akapita kumudzi pa Khirisimasi nkhuku zake timatsekera ndife.