Alendo Atatu mu Mzinda wa Blantyre

Tinanyamuka ku Mangochi tambala woyamba asanalire, ulendo wa ku bwalo la ndege la Chileka kukachingamira mdzukulu wathu. Mwanayo anabadwira ku Johannesburg, kumene bambo ake anapita kukasaka ntchito, ndipo pa zaka zake makumi awiri anali asanapondepo dothi la makolo ake. Anatsika ndege ali ndi chiphaso cha dziko la eni m'manja, Chichewa chake chili chopindikapindika, ndipo m'thumba la malaya munali kapepala. Pa kapepalapo analembapo maina a nyumba zamakedzana za mu Blantyre zimene anaziwerenga pa intaneti.

Malingaliro athu anali oti tigone usiku umodzi kwa mlamu wathu ku Lirangwe, m'mawa mwake tilunjike kunyanja. Koma mnyamatayo anapempha modzichepetsa kuti timupatse tsiku limodzi loona mzinda. Tinayang'anana. Mu Blantyre talowamo kosawerengeka, kukagula katundu ku Limbe, kukazonda odwala, kukatenga zikalata, koma palibe ndi tsiku limodzi lomwe pamene tinaimapo n'kuyang'ana khoma lakale. Tinazindikira kuti m'mawa mwake alendo mu mzindamo tidzakhala atatu.

Mlamu wathu, amene anaphunzitsa sukulu zaka zambiri, ndiye anayamba phunziro tisanatuluke n'komwe pa Chileka. Anamuuza mnyamatayo kuti pabwalo lomwelo ndi pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa 6 July 1958, namtindi wa anthu ukumuyembekeza. Mdzukulu wathu anatembenuka, nayang'ananso bwalolo ngati kuti walipeza kachiwiri.

Kutacha tinakwera minibasi pa Lirangwe, tinadutsa pa Lunzu, n'kulowa mu mzinda. Tinayambira ku Mandala, nyumba yosanja imene inamangidwa m'chaka cha 1882 ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba zachizungu zimene zidakaimabe m'dziko muno. Inali likulu la kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, choncho anthu anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linakakamira pa nyumbayo, pa sitolo za kampaniyo ndi pa dera lonselo. Tinakwera makwerero a matabwa kufika pamwamba, pamene pali laibulale ya Society of Malawi, ndipo tinaima pakhonde lalitali tikuyang'ana mitengo ikuluikulu ya pabwalo.

Kuchoka apo tinapita ku Mishoni, kumene kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels. Pakhomo tinazengereza pang'ono, poti ife ndife anthu a mzikiti, koma amene ankasamala malowo anatilandira mwaulemu, ndipo tinalowa monga alendo olowa m'nyumba ya anansi. Mishoniyo inakhazikitsidwa m'chaka cha 1876 pa malo amene mfumu ya Chiyao, Kapeni, inawalola azunguwo kukhalapo, ndipo anaitcha Blantyre pokumbukira mudzi umene David Livingstone anabadwira. Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo ntchito yomanga. Njerwa zake n'zamaonekedwe osiyanasiyana, zina zokhota, zina zosongoka, ndipo zonse zinaumbidwa ndi kuotchedwa konkuno.

Mdzukulu wathu anasisita khoma ndi chikhatho, kenaka anatifunsa: "Anganga, nanga anaumba njerwazi ndi ndani? Maina awo ali kuti?"

Tinasowa choyankha. Tsiku lonse tinamva maina a anthu a ku Scotland, ndipo n'zoona kuti anagwira ntchito yaikulu. Koma manja amene anaponda dothi, kutema nkhuni za uvuni ndi kukweza njerwa pamwamba pa nsanja anali a anthu a kuno, ndipo ife, eni dziko, sitinathe kutchula ngakhale mmodzi. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kanatimeta tsiku limenelo.

Yankho linatipeza madzulo, titabwerera ku Lirangwe. Mlamu wathu anatitenga kukaima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi msika, pamene amayi ankalongedza tomato ndi anyezi wotsala. Anati msewu wakale wochoka ku Blantyre kupita ku Matope unkadutsa dera lomwelo. Anafotokoza kuti sitima zapamadzi zochokera ku Zambezi zinkakwera mtsinje wa Shire n'kuthera kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi amene chombo sichingadutse. Choncho katundu yense ankasenzedwa pamutu, kukwera zitunda za kuchigwa mpaka ku Mandala, n'kutsetserekanso mpaka ku Matope, kumene madzi a Shire amakhala odekha. Kuchokera pamenepo sitima zina zinkamunyamula kudutsa nyanja ya Malombe, kudutsa kwa Mponda, n'kulowa m'nyanja yathu. Ngakhale Ilala yoyamba, imene inalowa m'nyanja pa 12 October 1875, inadutsa mathithiwo ili zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana. Anthu osenza katundu wa kampani ndi wa boma ankatchedwa amtengatenga. Malipiro awo nthawi zambiri anali nsalu, ndipo boma la atsamunda litabweretsa msonkho wa nyumba, ambiri ankasenza kuti apeze ndalama ya msonkhowo. Ntchitoyo inachepa pamene njanji inafika mu Blantyre m'chaka cha 1908, n'kupitirira kudzera pa Lirangwe pomwepo mpaka kufika ku Salima mu 1935.

Tikumvetsera, mmodzi wa ife anakumbukira nkhani imene agogo ake aakazi ankasimba pamoto: kuti bambo awo anali wamtengatenga, ndipo pofika ukalamba pakati pa mutu wawo panalibe tsitsi chifukwa cha nkhata. Nkhaniyi tinkaimva ngati nthabwala ya ana. Sitinaganizepo kuti mapazi a munthu ameneyo mwina anaponda pamalo pomwe tinaimapo, kapena kuti anatulapo mtolo pakhonde limene tinaliona m'mawa muja.

Sitinafune kumubisira mdzukulu wathu mbali yowawa ya mbiriyi. Kampani isanafike, njira za m'mbali mwa nyanja zinkanyamula minyanga ya njovu kupita kugombe la nyanja yamchere, ndipo pamodzi ndi minyangayo pankayenda anthu omangidwa m'magoli. Mafumu ena a kwathu, monga Mponda ndi Makanjira, anali nawo m'malondawo. Mwana akafunsa za makolo ake, ayenera kumva zonse, zonyaditsa ndi zochititsa manyazi, kuti akadzazimva kwa anthu ena asadzatiyese abodza.

Pa Lirangwe palibe chipilala cha amtengatenga. Pali fumbi, malole ndi ana ogulitsa chimanga chootcha. Komabe mnyamatayo anajambula msewuwo zithunzi zochuluka kuposa zimene anajambula ku Mandala, ndipo pansi pa mndandanda wake uja analembapo mawu awiri: Lirangwe, Matope.

Titafika ku Mangochi tinadutsa pa chipilala cha wotchi chimene chinamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Tadutsapo moyo wathu wonse osakweza maso. Tsiku limenelo tinatsika galimoto, tinachizungulira, tinayang'ana mtsinje umene unkabweretsa katundu uja.

Kumudzi kwathu kwatsala mayi mmodzi yekha wa m'badwo wa makolo athu, ndipo maso ake anachita khungu, koma mutu ukadali bwino. Usiku womwewo tinayala mphasa pakhonde pake, mdzukulu wathu anatsegula kope, ndipo tinawapempha kuti ayambire pa dzina la munthu wa nkhata uja. Anakhala chete kanthawi, kenaka analitchula, ndipo mnyamatayo anawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono kuti alembe molondola.